Zipere za M'kalasi Yachinayi

Lolemba m'mawa belu lisanalire, Madamu a Ukhondo anali ataima kale pakhomo la kalasi yachinayi, chipeso chili kumanja, kachubu ka mankhwala opaka kali m'thumba la diresi. Ana anali atandanda pamzere kuchokera pakhonde mpaka kukafika pampopi. Mwana akafika ankaweramitsa mutu, Madamu n'kupesa kuyambira pachipumi mpaka kunkhongo, n'kusuzumira kuseri kwa makutu, kenako n'kumukankhira m'kalasi. Atafika pa mwana wachisanu ndi chiwiri, chipeso chinaima. Pamwamba pa khutu panali kadazi kozungulira, kotuwa mbuu ngati wina wapakapo phulusa.

Madamu anangoti kukamwa yasa. Mwanayu Lachisanu anali bwinobwino, anamupesa okha ndi manja awo. Anafinyira mankhwala pachala, napaka pachiperepo mozungulira, n'kuitana wotsatira. Pofika kumapeto kwa mzere anali atapeza ena atatu. M'kalasi ya ana makumi asanu ndi limodzi, odwala zipere anali atakwana makumi awiri ndi mphambu zisanu, ndipo sabata iliyonse ankangowonjezereka.

Dzina loti Madamu a Ukhondo silinangogwa lokha. Kwa zaka khumi ndi chimodzi iwo ndiwo ankayang'anira za ukhondo pasukulupo, ndipo ntchitoyo ankaigwira ngati anabadwira yomweyo. Mwana wa zikhadabo zazitali ankabwerera pageti. Aphunzitsi anzawo akawaona akubwera ankabisa makapu awo a tiyi m'madirowa. Anthu ankati ntchentche ikafuna kulowa m'nyumba mwawo inkayamba yasamba m'manja. Ndiye kuti zipere zisankhe kalasi yawo, kusiya makalasi ena onse, zinkawapweteka mtima koposa kutukwanidwa.

Nkhaniyi inayamba masabata anayi m'mbuyomo ndi kamtsikana kena kamene anzake ankakatcha Kalembera, chifukwa kanali ndi zilembo zokongola ndipo ndiko kankalemba tsiku pabolodi m'mawa uliwonse. Tsiku lina akutambasuka kuti alembe, Madamu anaona kadazi kunkhongo kwake. Anamubweza kunyumba tsiku lomwelo, namuuza kuti asadzaponde pasukulu mpaka tsitsi litamera. Kuyambira pamenepo anayamba kupesa kalasi yonse m'mawa uliwonse, kuti matendawo awagwire asanafike patali.

Bambo ake a Kalembera anali wometa. Anali ndi kashopu ka chipinda chimodzi pafupi ndi geti ya sukulu, ndipo awiriwo ankakhala kuseri kwa shopu komweko. Lamulo la pasukulu linali loti mwana aliyense, mnyamata kaya mtsikana, azikhala ndi tsitsi lalifupi, choncho pafupifupi mutu uliwonse pasukulupo unali utadutsapo pampando wa bamboyo. Ana odwala atafika khumi, Madamu anaona kuti nkhani ndi yosachita kufunsa. Woyamba kudwala ndi mwana wa wometa, ometedwa onse amameta kwa wometa yemweyo, nanga pamenepa panafunikanso woombeza?

Pamsonkhano wa makolo anaimirira m'holo modzaza anthu, nalankhula ndi mawu awo a pabwalo aja.

"Makolo anzanga, matendawa sagwa ndi mvula. Ali ndi kwawo, ndipo kwawoko si kutali ayi. Mukangotuluka pagetipa, mukhotere kumanzere, muwapeza atakhala pampando akudikira mwana wanu."

Anthu anaseka, ena anaomba m'manja, ndipo mitu yonse inatembenukira kumbuyo. Wometa anali komweko, ataima pafupi ndi chitseko, chipewa chili m'manja. Anayesa kunena kuti makina ake amawaviika mu sipiriti akatha kumeta munthu aliyense, koma mawu ake anamira m'phokoso. Kuchokera tsiku limenelo pashopu pake panati zii. Ngakhale azibambo a ndevu zawo, amene sukulu anaisiya kalekale, anayamba kukameta kumsika. Amayi akamadutsa pamenepo ankawakokera ana awo mbali ina ya msewu.

Chodabwitsa n'choti wometa anasiya kumeta koma zipere sizinasiye. Madamu ankati n'zimene zinabzalidwa kale, zikungomera mochedwa. Makolo nawo, poona kuti mankhwala opaka akuchedwa, anayamba zawo. Wina anapaka mwana mankhwala otsukira mano, wina polishi ya nsapato. Mayi wina wogulitsa makala anathira mwana wake mafuta a mabuleki a galimoto, mwanayo anabwera kusukulu mutu uli ndi matuza, akulira mwakachetechete. Ahedi ataona mutu umenewo anagwira pakamwa, ndipo tsiku lomwelo analemba kalata yopempha thandizo kuchipatala.

Anesi anafika Lachitatu m'mawa. Anali mayi wamfupi, wojintcha, wa nthabwala, atanyamula katoni ya magolovesi m'khwapa. Atapatsana moni, anapempha kuti asanayambe kuyeza ana aone kaye mmene Madamu amachitira m'mawa uliwonse, poti ahedi anali atawayamikira kwambiri m'kalata ija. Madamu anasangalala. Anaimika ana pamzere wowongoka kuposa masiku onse, natulutsa chipeso chawo chakuda cha mano ang'onoang'ono.

Anapesa woyamba, anali bwino. Wachiwiri anali ndi zipere ziwiri, anazikanda pang'ono ndi mano a chipeso kuti anesi aone bwino kutuwa kwake, napaka mankhwala ndi chala. Wachitatu anali bwino, koma anamupesa ndithu mosamala, n'kumusisita pamutu ndi dzanja lomwelo pomuyamikira kuti wasamba. Anapitiriza chomwecho, akufotokoza mmene ntchitoyi aigwirira osaphonya ndi tsiku limodzi lomwe. Atafika pa mwana wakhumi anazindikira kuti anesi aja asiya kuyankha. Atacheuka anawapeza atangoti maso tong'o, kumwetulira konse kutathawa.

"Madamu, zipeso muli nazo zingati?" anafunsa anesi motsitsa mawu.

"Chimodzi chomwechi. N'cholimba, chandikhalitsa."

"Mukachoka pamutu wina kupita pa wina, mumachitsuka ndi chiyani?"

"Ndimachipukuta ndi mpango ndikamaliza onse."

Anesi anauza ana otsalawo kuti alowe m'kalasi osapesedwa. Kenako anawagwira Madamu pamkono, ngati mmene amagwirira wodwala, n'kupita nawo m'kachipinda kosungira mabuku, natseka chitseko.

M'menemo munali fungo la choko ndi mapepala akale. Anesi anavala golovesi, natenga chipeso chija, nachiyang'anitsa kuzenera kuti Madamu aone okha. Pakati pa mano ake panali timfumbi totuwa ndi titsitsi tothothoka. Anafotokoza kuti chipere ndi kachinthu kamoyo kokhala ngati nkhungu yomera pa buledi, ndipo mbewu zake zimakhala m'timfumbi timeneto. Zimatha kukhala pachipeso, pachipewa kapena pathaulo kwa nthawi yaitali zikudikira mutu wina. Kumene mwana woyamba anachitenga palibe angadziwe, mwina kwa mphaka, mwina kwa mnzake posewera. Koma chimene chinachiyendetsa kalasi yonse, anatero anesi, chinali m'manja mwawomo.

Madamu anayesa kuseka koma kuseka kunakana. Anati sizingatheke, matendawa anachokera kwa wometa, aliyense akudziwa. Anesi anayankha kuti kwa wometa anadzera m'mawa womwewo asanalowe pasukulu, chifukwa kalata ya ahedi inamutchula. Anapeza makina ali oyera, malezala ndi ogwiritsa kamodzi n'kutaya, zipeso zili m'botolo la sipiriti. Kenako anafunsa za kalasi yachisanu, yoyandikana nayo.

Kalasi yachisanu inali ya mphunzitsi wina amene anzake ankamutcha Akhalapansi, chifukwa ankaphunzitsa atakhala ndipo mutu wa mwana sanaugwirepo chiyambire ntchito. Madamu ankamunena kawirikawiri m'misonkhano kuti ndi waulesi. Ana ake ankameta kwa wometa yemweyo. M'kalasi mwakemo odwala zipere anali awiri okha, ndipo Madamu atawaganizira bwino anakumbukira kuti onse awiri anali ndi azing'ono awo m'kalasi yachinayi, ogona nawo pamphasa imodzi.

Pamenepo Madamu anakhala pansi pa mulu wa mabuku osaona ndi pamene akukhala. Anayang'ana chala chawo chamkombaphala, chikadali ndi mankhwala oyera m'chikhadabo, ndipo chinawaoneka ngati cha munthu wina. Masabata anayi, m'mawa uliwonse, mitu makumi asanu ndi limodzi. Ana ena ankayesa kuzemba mzere, iwo n'kuwathamangitsa mpaka kuchimbudzi, kuwabweza, n'kuwapesa kawiri ngati chilango.

"Akuluakulu amati chala chimodzi sichiswa nsabwe," anatero anesi, pofuna kuwapepuza mtima, "koma chanuchi, Madamu, chakwanitsa kalasi yonse chokha."

Ataona kuti nthabwalayo yagwera pamwala, anesi anabwerera ku za ntchito. Anati mankhwala opakawo si oipa, amathandiza chipere cha pakhungu ndiponso amachepetsa kufalikira, koma mwana aliyense akhale ndi kachubu kake, ndipo wopaka azisamba m'manja akamaliza. Chipere cha m'mutu chimalowa m'mizu ya tsitsi kumene zopaka sizifika, n'chifukwa chake anawo sankachira. Pafunika mapiritsi omwa kwa masabata angapo ndi sopo wamankhwala wosambira m'mutu, ndipo adzabwera nazo Lachisanu makolo onse atasonkhana. Anawonjezera kuti mwana akangoyamba mankhwala palibe chifukwa chomukhazika kunyumba. Mawu omalizawa anawalasa Madamu pena, chifukwa mpando wa Kalembera unali utakhala wopanda munthu mwezi wathunthu, mayeso ali pafupi.

Ahedi atamva nkhaniyi muofesi mwawo anavula magalasi, nawavalanso, nawavulanso. Anali munthu wosakonda phokoso, ndipo chilichonse chovuta ankachifunira kabati yochitsekeramo. Anatseka zenera, nanena maganizo awo. Chipesocho chikaponyedwe m'chimbudzi lero lomwe. Lachisanu anesi auze makolo kuti matendawa amafala pobwerekana zipeso ndi zipewa, zomwe si bodza ayi, koma chipeso cha ndani asatchule. Anesi anati iwo ntchito yawo ndi kuchiritsa, osati kuweruza milandu, ndipo satchula dzina la munthu.

"Mwamva, Madamu?" anatero ahedi. "Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Tikakugendani inu tiswa sukulu yonse. Anawa achira, tsitsi limera, anthu aiwala."

Madamu anafunsa kuti nanga wometa uja. Ahedi anatambasula manja, nati madzi akatayika saoleka, bamboyo ndi mwamuna, apeza pogwira. Kunena zoona, mtima wa Madamu unapepukako atamva zimenezi, ndipo kupepukako ndi kumene kunawachititsa manyazi kwambiri. Tsiku lonselo anaphunzitsa ngati munthu wodwala malungo. Akayang'ana kalasi sankaona nkhope, ankangoona timadazi, ndipo kalikonse ankakumbukira tsiku limene anakapeza n'kutukwana wometa chamumtima.

Ana ataweruka, anatuluka pageti n'kukhotera kumanzere. Anadziuza kuti akapepesa mwakachetechete, munthu ndi munthu, nkhani n'kuthera pomwepo. Chitseko cha shopu chinali chotsegula. Galasi lalikulu linali litachotsedwa pakhoma, litatsamira pakona, ndipo pamene linali panatsala chigamba choyera cha penti yosasuluka. Zithunzi za mametedwe osiyanasiyana zinali zitapindidwa pampando wometera. Pashelefu panali botolo la sipiriti yofiirira, zipeso zinayi zili chiimire m'menemo. Kalembera anali pabenchi la odikira, atavala chipewa cha ulusi dzuwa likuswa mtengo, akukopera za m'kope lakale kupititsa m'kope lina. Atawaona anadzuka msangamsanga, napereka moni wa kusukulu, n'kuzembera kuseri.

Bambo a Kalembera anali akukulunga makina awo m'thaulo. Anawalonjera Madamu mwaulemu, nawapukutira benchi ngakhale linali loyera kale. Atafunsidwa za galasi, anati shopu akuisiya kumapeto kwa sabata. Iwo akayesa zonyamula katundu kumalo osungira simenti, ndipo mwana amutumiza kwa azakhali ake kutali, akayambirenso kalasi yomweyo chaka chamawa kumene sakumudziwa. Kuno ngakhale kumpopi anzake ankamuthawa, akumuimba kuti mwana wa chipere.

Madamu anafotokoza zonse, maso ali pansi. Ananena za anesi, za chipeso, za chala, za kalasi ya Akhalapansi. Mawu awo a pabwalo aja anali atathawa, moti pena bamboyo ankachita kupendeketsa khutu. Atamaliza anapepesa kawiri.

Bamboyo anakhala pansi pang'onopang'ono, thaulo lili pamwendo. Anayang'ana botolo la sipiriti lija. Kenako anati mwezi wonsewu akhala akudzikayikira okha. Makina anawamasula, kuwawiritsa, kuwamanganso, akufunafuna pamene analakwitsa. Panali masiku amene ankayang'ana mwana wawo akudya n'kumaganiza kuti manja awo omwe ndiwo amudwalitsa ndi kumuchotsa sukulu.

"Ndiye mukuti si ine," anatero, ngati akudziuza okha.

"Si inu, bambo. Ndine."

"Mwabwera ndi ndani?"

"Ndabwera ndekha."

"Tsiku lija m'holo muja munali anthu angati, Madamu?"

Bamboyo sanakweze mawu, ndipo mwina akanakalipa zikanakhala bwino.

"Ine ntchito yanga ndi ya ndevu, ndiye mwambi uja ndimaudziwa, woti mnzako akapsa ndevu m'zimire. Zanga zitayaka palibe anabwera ndi madzi, inu ndiye munabwera ndi chokupizira. Munandinena mutaimirira, anthu akuomba m'manja. Lero mwabwera kudzandiyeretsa monong'ona, chitseko chokha ndicho mboni. Kupepesa kwanu ndakumva, sindikukukana. Koma sikungakhale pampandopa kuti ndikumete."

Anapitiriza kukulunga makina. Madamu anatsanzika natuluka. Panjira anthu ankawalonjera mwaulemu monga mwa masiku onse, ndipo moni uliwonse unkawalemera. Mayi wina anawaimitsa n'kuwathokoza chifukwa choulula za wometa uja, nati pakanapanda iwo ana onse akanatha tsitsi. Madamu anangogwedeza mutu n'kupitirira.

Lachinayi lonse analimbana ndi mtima wawo. Anaganiza za zaka khumi ndi chimodzi za dzina labwino, za aphunzitsi amene anawadzudzulapo pagulu, za Akhalapansi amene akanaseka mpaka kugwa pampando wake uja. Anaganiza zodwala Lachisanu. Anaganizanso zolemba kalata yopanda dzina. Koma nthawi iliyonse akatsala pang'ono kudzikhululukira, ankaona kamtsikana kaja kakukopera kope lakale poti kanalibe chatsopano choti kalembe. Poweruka anatuma uthenga kwa bambo a Kalembera kudzera mwa mayi wogulitsa nthochi pageti, wowapempha kuti mawa abwere kumsonkhano ndipo galasi asalitulutse kaye.

Lachisanu holo inadzaza kuposa tsiku loyamba lija. Anesi anafotokoza za mapiritsi, za sopo ndi za kapakidwe ka mankhwala, nachenjeza kuti polishi ndi ya nsapato ndipo mafuta a mabuleki ndi a galimoto, mutu wa mwana ulibe matayala. Anthu anaseka. Ananenanso kuti zipeso, zipewa ndi mathaulo asamabwerekane, ndipo zakale aziwiritse. Bambo wina anafunsa ngati boma lingathe kumutsekera wometa uja kuti asadzayambirenso kwina, ndipo ambiri anavomereza. Ahedi anadzuka msanga kuti atseke msonkhano ndi pemphero.

Madamu anaimirira pemphero lisanayambe. Ahedi anawayang'ana ndi maso owachonderera kuti akhale pansi, koma iwo anapita kutsogolo. Anatulutsa chipeso chija m'chikwama, chili m'kapepala ka pulasitiki, nachikweza m'mwamba. Kumbuyo pafupi ndi chitseko anaona bambo a Kalembera ataima pamalo omwe aja.

"Makolo anzanga, mwezi wapitawu ndinaima pompano n'kukuuzani kwawo kwa matendawa. Ndinakunamizani njira. Bambo ometa aja alibe mlandu, anesi anakayendera shopu yawo ndipo anaipeza yaukhondo. Chimene chadwalitsa ana anu ndi ichi. N'changa. Ndinkapesera mutu wodwala, n'kupesera wabwino, m'mawa uliwonse, ndi chala changachi n'kumapaka onse. Ndinawanena bambowa ndilibe umboni, mwana wawo ndinamuchotsa m'kalasi popanda chifukwa. Ndalakwira iwo, ndalakwira inu."

M'holo monse palibe anaseka, palibe anatukwana. Anthu ankangoyang'anana, ena atagwira pakamwa, ngati auzidwa kuti madzi amene akhala akumwa amachokera m'ngalande. Kenako mayi wogulitsa makala uja, amene mwana wake anali ndi matuza, anaimirira pang'onopang'ono.

"Madamu, mwana wangayu ankabwera kunyumba n'kumati sakufuna kupesedwa, chipeso cha Madamu chimanyansa. Ine ndinkamukwapula. Ndinkamuuza kuti aziyamba ndiye pamzere."

Anakhala pansi n'kuphimba nkhope ndi nsalu. Apo ndiye phokoso linabuka. Ena ankati Madamu achotsedwe ntchito, ena ankati munthu wovomera yekha sapatsidwa mbama ziwiri, ena ankangobwereza kuti sizingatheke, Madamu a Ukhondo enieniwo. Bambo amene anafunsa zotseka shopu uja anali atawerama, akuyang'ana nsapato zake. Ambiri anatembenukira kumbuyo, koma ulendo uno maso awo sankakhalitsa. Bambo a Kalembera anavala chipewa chawo natuluka.

Madzulo a tsikulo ahedi anawauza Madamu, mosawayang'ana kumaso, kuti za ukhondo azipumira kaye mpaka komiti ya makolo itakumana, ndipo kalata ipita kwa akuluakulu a maphunziro. Madamu anavomera osatsutsa. Loweruka podutsa pageti anaona galasi lija litabwerera pakhoma. Pabenchi panali azibambo awiri okha, atakhala mwamanyazi, wachitatu ali pampando atamufunditsa nsalu. Ambiri anali atazolowera kale kumsika ndipo sanabwererenso, koma makina ankalira ndithu.

Lolemba pakhomo la kalasi yachinayi panalibe mzere. Ana ankafika n'kuima pakhonde mosokonezeka, ena ataweramitsa kale mitu, mpaka Madamu anachita kuwauza kuti angolowa. Kalembera anafika belu litalira kale, chipewa cha ulusi chili kumutu. Anakhala pamalo pake osayang'ana aliyense, natulutsa kope.

Madamu analemba masamu pabolodi, nayamba kuyendera mabenchi. Atafika pa Kalembera anaona kuti zilembo zake n'zokongola monga kale, koma samu yachiwiri waiphonya, poti njira yake anzake anaiphunzira iye kulibe. Mtima unawawawa. Anawerama, natambasula dzanja kuti amulozere pamene walakwitsa. Mwanayo atangoona dzanjalo likubwera, anataya pensulo n'kuphimba mutu wake ndi manja onse awiri. Mnzake wa pambali naye anapendekera kutali.

Dzanja la Madamu linaima m'malere. Analibweza pang'onopang'ono, naliika kumbuyo, naligwira ndi linzake. Samu ija anamufotokozera ndi pakamwa pokha, ataima patali pang'ono, ndipo phunziro lonselo analimaliza manja ali kumbuyo.